Zikombole za Mdala Aldo

Tamanda ndi Yamikani, ana anga, za ubwana wanga ku Dedza sindilemba. Mukadzapita kumudzi mukafunse azakhali anu, adzakuuzani zoona ndi zowonjezera zomwe. Ine pano ndikufuna kulemba za ntchito, chifukwa anzanu akakufunsani kuti bambo anu ankatani, mumangoti ankagulitsa mitu, anthu n'kumakuyang'anani mwamantha. Si bodza, mitu ndinkagulitsadi. Koma muzinena kuti inali mitu ya ndani. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Pomwe pakuvuteni, amayi anu alipo.

2003, Wembley

Ndinafika ku London nditanyamula chikwama cha amayi anu. Iwo ndiwo anaitanidwa kudzagwira ntchito ya unamwino, ine ndinali katundu wotsatira. Ku Blantyre ndinali munthu ndithu. Ndinkagulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu, njovu, mvuu, mipando yosema, ndipo mlendo akangoima kuti ayang'ane, ndinkadziwa kuti sachoka chimanjamanja. Ndinkayamba mtengo uli kumwezi, iye n'kuyamba uli kwa nyerere, n'kumakokanakokana mpaka tonse titasangalala, aliyense akuganiza kuti wapusitsa mnzake. Kwa ine malonda anali amenewo. Ndiye tangoganizani munthu wotere akumupatsa ntchito yolongedza katundu m'mashelefu mu sitolo ya ku Wembley, momwe chinthu chilichonse chamatidwa mtengo wake ndipo palibe wofunsa mnzake kuti mwadzuka bwanji. Lilime linkandiyabwa ngati ndadya chitedze. Tsiku lina mayi wina wachikulire anadandaula kuti tomato wakwera. Ndinamutsitsira, n'kumuwonjezera anyezi wa mbasela. Woyang'anira sitolo, kamnyamata kopanda ndevu, anandiitana.

"Fanuel, sitolo ino ndi yako?"

"Ayi bwana, koma kasitomala uja abweranso."

"Abweranso, koma iweyo sakupeza."

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande inathera pamenepo.

2005, Croydon

Ku Croydon ndinapitira za mapepala okhalira m'dziko muno, monga aliyense wa ife obwera. Nditatuluka m'maofesi aja mutu ukuwawa, ndinaganiza zoyenda wapansi kuti mphepo indiwombe. Pansi pa mlatho wa njanji panali timashopu tolowa m'makoma, ndipo pakhomo pa kena panali thabwa lalitali, pamwamba pake patandandalika mitu ya anthu, yoyera mbuu, ikuuma. Pambali panali mdala wamfupi, epuloni yoyera, nsidze zoyera, nsapato zoyera, moti akanapanda kutsokomola ndikanamufunsanso mtengo. Ndinaloza mutu wonyansa kuposa yonse, wadazi, wamaso otuluka, mphuno yophwatalala ngati yopondedwa ndi ng'ombe.

"Uyu mukuchita bwanji, madala?" Ananena mtengo. Ndinagwira pakamwa. "Munthu wonyansa chonchi? Ndikamuika pabalaza ana asiya kudya."

"Ameneyo ndi Sokratesi," anatero mdalayo, nkhope itafiira. "Anali wanzeru kuposa ine, iwe, ndi msewu wonsewu."

"Nzeru zake sindikukana, koma nkhope ndi imene ndikugula."

Tinakokana, sitima zikudutsa pamwamba pathu, fumbi likugwa kudenga. Atatsitsa mpaka pomwe sakanathanso, ndinamuuza zoona kuti m'thumba ndinalibe kanthu, linali ludzu chabe la kunenerera. Ndinkaganiza kuti andiponyera ndowa. Anaseka mpaka kugwira khoma. "Ine kuumba ndimatha, kugulitsa ayi. Munthu akanyoza mutu wanga ndimamuthamangitsa. Iwe wanyoza, koma ndatsala pang'ono kukupatsa ulere. Ubwere Lolemba."

Ameneyo anali mdala Aldo, bwana wanga, munthu amene ndimamulemekeza kufikira lero. Agogo ake anachokera ku Italy, ndipo ankayenda m'misewu ya London atasenza thabwa la mitu ya pulasitala, akuitanira ogula ngati amayi a nthochi. Chuma chonse cha banjalo chinali zikombole. Musaganize za chikombole cha njerwa chamatabwa chija. Ichi chimakhala zidutswa zambiri za pulasitala wouma, zolumikizana ngati mapale a mtsuko wosweka, zomangidwa ndi chingwe. Umathiramo pulasitala wamadzi, n'kumapendeketsa uku ndi uku kuti alowe m'makwinya monse, n'kudikira. Akauma umamasula chingwe, n'kumachotsa chidutswa chimodzichimodzi, mpaka nkhope ya munthu amene anafa kalekale itakuyang'ana. Zina mwa zikombolezo zinatengedwa pa ziboliboli zenizeni zamiyala zakalekale, nthawi imene zinkaloledwa. Lero palibe angakulole kupaka pulasitala pankhope ya mwala wa m'nyumba yosungira zakale. Choncho chikombole chikatayika, kulibe kokagula china.

Mwezi woyamba womwewo ndinapalamula. Pa shelefu panali mitu ya Alekizanda, mfumu ya Agiriki ija, yonse mphuno zothyoka kunsonga. Ndinati ayi, katundu wawonongeka ndipo mdalayu maso akumuvuta. Ku Blantyre mvuu ikabenthuka khutu tinkasakaniza utuchi ndi guluu, n'kupaka polishi ya nsapato, n'kugulitsa mokwera kuposa inzake. Aldo atapita kukapereka katundu, ndinakanda pulasitala, n'kutenga kagalasi, n'kumuumbira Alekizanda mmodzi mphuno yathunthu. Inakhala bwino ndithu. Aldo atabwera anauona nthawi yomweyo.

"Wachita chiyani?"

"Ndamukonza, bwana. Wopanda mphuno angamugule ndani?"

"Mphuno imeneyo inathyoka agogo a agogo ako asanabadwe. Ife timaumba zimene zinatsala pamwala. Chimene nthawi inadya sitibwezera, chifukwa sitinachione." Anauzunguza mutuwo, n'kuuyang'ana cham'mbali, kenako n'kuyang'ana ine. "Ndipo mphuno iyi ndi yako."

"Ndi imene inali pafupi, bwana."

Anaunyamula n'kulowa nawo kuchipinda cha kumbuyo. Ndinati basi wakaswedwa, ndipo sindinafunsenso.

Sukulu imene ndinaithawa ku Dedza inandipeza pansi pa mlatho umenewo. Aldo sanapite patali ndi maphunziro, koma anthu a pa shelefu ankawadziwa ngati abale ake, ndipo ankati sungagulitse munthu amene sukumudziwa. Manja ali m'ndowa, pakamwa pali nkhani. Anandiuza za Alekizanda, mnyamata amene anayenda ndi nkhondo kuchokera kwawo mpaka ku India, akumenya yekha kutsogolo kwa asilikali, n'kufa akadali wamng'ono osakonza bwino za wolowa m'malo, akuluakulu a nkhondo n'kukhadzulirana ufumu ngati afisi. Anandiuza za Hanibali, munthu wa kwathu ku Africa, wa kumpoto komwe lero kuli Tunisia, amene anakweza njovu pamapiri ozizira kuti akagogode pakhomo pa Aroma, n'kutaya diso panjira, koma osabwerera. Aldo ankavomereza kuti palibe akudziwa motsimikiza ngati nkhope imeneyo ilidi yake, ndipo ankandikakamiza kuuza wogula aliyense zimenezo, ine mtima ukuwawa. Panali Buda, mwana wa mfumu amene anasiya nyumba yachifumu n'kukakhala pansi pa mtengo. Panali Kaisara Juliyasi wa masaya olowa, ndi Kaisara Augusto amene mumamumva kutchalitchi pa Khirisimasi, wa kalembera uja.

Koma amene anandigwira mtima ndi wonyansa uja. Sokratesi ankayenda pamsika wopanda nsapato, kufunsa anthu mafunso, osagula kanthu. Kasitomala woipa kwambiri, ndikanakhala ine ndikanamuthamangitsa pa benchi. Akuluakulu a mzinda atatopa naye anamugamula kuti amwe chiphe, ngati mwavi wa makolo athu uja. Anzake anakonza njira yoti athawe. Iye anakana, n'kumwa. Ine amene ndinakula ndikukhulupirira kuti chilichonse chili ndi mtengo wake womaliza, ndinakumana ndi munthu wosagulika. Kuyambira pamenepo Sokratesi sindinkamutsitsa kwambiri. Ndinkachita manyazi.

2009, pamsika

Loweruka lililonse ndinkayala mitu pamsika. Wogula ndinkamuwerenga kuyambira kunsapato. Ophunzira a kuyunivesite ankafuna Sokratesi. Eni malesitanti ankafuna Kaisara woika pakhomo. Abale athu akuda, ndikangotchula njovu, Hanibali ankalowa m'chikwama. Ndipo chinsinsi chachikulu cha malonda ndi ichi, musungeni: katundu muike m'manja mwa wogula. Akangomva kulemera kwake, kubweza kumavuta.

Chaka chimenecho ndalama zinasowa m'dziko muno, ndipo munthu wopanda lendi sagula mfumu ya Aroma. Tinavutika. Kunkazizira moti pulasitala sankauma, hita tinkayatsira mitu, ife n'kumanjenjemera. Kathumba kamodzi ka tiyi kankayenda m'makapu onse. Ndinapempha Aldo kuti tizithira pulasitala wochepa, mitu ikhale yopyapyala mkati, popeza wogula saona. Anandiyankha kuti, "Wogula saona, koma Augusto akuona." Ndinapempha kuti tiziviika mitu m'tiyi izioneka yakale. Anati tiyi ndi wakumwa. Munthu ameneyu ankandilanda zida zanga zonse, n'kundisiya ndi lilime lokha ndi zoona. Chodabwitsa n'chakuti tinapulumuka.

Amene anatipulumutsa kwenikweni ndi Marta. Aldo sanakwatire ndipo analibe mwana. Marta anali mwana wa mlongo wake amene anamwalira, ndipo anakulira m'fumbi lomwelo. Ine ndinkatha kuthira pulasitala, koma kukonza chikombole chothetheka, kapena kupanga chatsopano, zinali za manja a anthu awiri okha, Aldo ndi Marta. Mtsikanayo ankagwira chidutswa ngati dzira. Ankanditcha ankolo Fanuel, ndipo ankandiseka kuti ndikanatha kugulitsa mvula kwa Angerezi.

2012, mkangano

Marta anali wowerenga. Anapeza kuti miyala yakale ija sinali yoyera pachiyambi, anthu akalewo ankaipaka utoto, ndipo akatswiri apezamo timadontho totsala. Tsiku lina anatenga Augusto n'kumupaka: tsitsi, milomo, maso oyang'ana. Kunena zoona ankaoneka ngati munthu woti akufunsa msonkho pomwepo. Ine ndinaona malonda. Aldo anaona chipongwe.

"Mu shopu yanga mfumu sidzola zodzoladzola!"

"Atsibweni, umu ndi momwe analili. Inuyo ndi amene mumati tizinena zoona."

"Utoto wake unauona iwe? Unalipo? Amayi ako akanachita manyazi."

Mawu otsirizawo ndi amene anaswa mtsuko. Marta anavula epuloni, n'kuipachika pamsomali mosamala, n'kutuluka. Anakapeza ntchito ku Wembley, youmba mano a pulasitala kwa anthu opanga mano oikirira. Manja amene ankagwira mafumu anayamba kugwira zibwano. Epuloni inakhala pamsomali, ndipo dzina lake silinkatchulidwa.

2016, Thamesmead

Lendi ya pansi pa mlatho itakwera tinasamukira ku Thamesmead, m'kashedi ka malata pafupi ndi mtsinje, komwe kunkafika basi yokha ndi mphepo. Zikombole tinazikulunga m'mabulangeti, ndipo cha Sokratesi ndinachinyamula pamiyendo ngati wodwala. Epuloni ya Marta inasamuka nafe, Aldo n'kuikhomera msomali watsopano. Kumeneko n'kumene ndinayamba kuona kuti manja ake akunjenjemera. Ankabisa, ankati ndi kuzizira, ngakhale mu Julayi. Chidutswa cha khutu pa chikombole cha Hanibali chinabenthuka. Iye anayesa kukonza, chinamukanika. Ine ndinayesa, Hanibali anatuluka ndi khutu la kalulu wakufa. Tinasiya kumuumba.

2018, mphatso

M'mawa wina Aldo anandipatsa tiyi wa kathumba katsopano, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Fanuel, ine ndatha. Zikombole ndikusiyira iwe. Zonse, ndi dzina la shopu. Sindikufuna kanthu."

Ana anga, ine ndinafika m'dziko lino ngati katundu wa amayi anu. Tsopano munthu ankandipatsa mafumu a dziko lonse, ulere, popanda kunenerera. Ndinathokoza, n'kupempha kuti ndikaganize. M'basi yobwerera ndinali nditayamba kale kusintha chikwangwani m'mutu.

Patapita masiku, Aldo ali kuchipatala kukaonetsa manja, panabwera bambo wina wa suti yabwino, wokongoletsa mahotela. Anali atamva kuti mdala akupuma. Ankafuna zikombole zonse, akazitumize kufakitale kutsidya la nyanja, akajambule nkhopezo n'kumapanga za pulasitiki zambirimbiri. Zikombole zenizenizo akanathana nazo zikanatayidwa. Ndinamuuza molimba kuti sizogulitsa. Anatchula mtengo. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakunena, mwaulemu wonse, kuti, "Aa, bwana, onjezerani pang'ono." Anaonjezera. Ndinagwira pachifuwa ngati wandilasa, n'kuyamba kumuuza za agogo a Aldo ndi thabwa lawo, kuti mtengo ukwere. Ndinazindikira ndili pakati pa chiganizo. Katundu sanakhale wanga n'komwe, koma lilime linali litatsegula kale sitolo. Sokratesi anali pa shelefu akundiyang'ana ndi maso ake otuluka aja. Ndinamuuza bamboyo kuti mwini palibe, n'kumuperekeza, iye atasiya nambala yake ya foni pa benchi ya Aldo.

Madzulo ndinawafotokozera amayi anu kuti ndikufuna kukana. Anali atangoweruka, mapazi ali m'beseni.

"Abambo a Tamanda, mwamwa fumbi zaka zonsezi kuti mukane? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndikudziwa, amayi. Koma ine ndimadzidziwa. Chaka choyamba ndidzalimba. Chachiwiri kudzazizira, munthu wa suti adzabwera, ndipo Kaisara adzakwera sitima. Ngakhale ndilimbe, chikombole chikabenthuka ndidzatani? Zidzafera m'manja mwanga chimodzichimodzi. Komanso Aldo ndi mwini mbumba, ali ndi mwana wa mlongo wake. Ine ndilowa bwanji pamenepo?"

"Kuno si ku Dedza. Mbumba kuno akuidziwa ndani? Mtsikanayo anachoka yekha. Ana ali pasukulu, nyumba ino si yathu, msana wanga ukutha ndi kunyamula odwala. Inu mukufuna mukhale nkhoswe ya Ataliyana?"

Sananame pa chilichonse. Mpaka lero sindinapeze yankho la msana wawo. Ndinangoti, "Ndikatenga, ndidzakubweretserani ndalama kamodzi, n'kukhala ndi manyazi masiku onse."

"Manyazi sadyedwa, komanso salipira lendi," anatero, akupukuta mapazi. "Chitani zimene mwaganiza kale."

M'mawa mwake ndinatsitsa Juliyasi ndi Augusto pa shelefu, n'kuwaika pa benchi pamaso pa Aldo.

"Madala, ndikumbutseni. Awiriwa panali chibale chanji?"

"Ukudziwa kale. Augusto anali mdzukulu wa mlongo wake wa Juliyasi."

"Ndiye Juliyasi, ndi asilikali onse okhulupirika amene anali nawo, dzina lake anasiyira wa kwa mlongo wake. Kwathu timatero. Alongo ako ndi ana awo ndiwo mbumba yako, ndipo wolowa m'malo amachokera mmenemo. Munthu uyu anali Mchewa, kungoti sanauzidwe."

"Usandipusitse. Aroma sankatsata zimenezo. Anamusankha chifukwa analibe mwana wamwamuna wolowa dzina."

"Inu muli naye?"

Ndinatsitsanso Alekizanda wopanda mphuno. "Nanga uyu, amene anasiyira akuluakulu a nkhondo, zinatha bwanji? Munandiuza nokha. Ine ndine mkulu wa nkhondo, madala. Ndakumenyerani bwino pamsika, koma mukandipatsa ufumu ndiugulitsa. Dzulo lomweli ndinayamba." Ndinamuuza za munthu wa mahotela, osabisa kanthu. "Manja a zikombolezi ali ku Wembley, akuumba mano."

Aldo anaimirira. "Ndakupatsa moyo wanga wonse, iwe ukuubweza ngati nsomba yowola? Mtsikana uja anandinyoza. Ngati sukufuna, munthu wa mahotelayo anasiya nambala."

Apa ndinatulutsa chida chomaliza cha wonenerera aliyense, kuchokapo. Wogula akafuna kuthyola wogulitsa amatembenuka n'kumapita, ndipo asanafike pakona amamva, "Bwerani, bwana, tikambirane." Ndachitidwa zimenezi kambirimbiri, ndipo ndimadziwa kuti zimagwira. Ndinavula epuloni, n'kuipachika pamsomali womwewo pamwamba pa ya Marta, n'kutuluka pang'onopang'ono, makutu nditawasiya kumbuyo. Ndinafika pageti, zii. Ndinamanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale, zii. Ndinafika pa siteji, basi inabwera msanga koyamba m'mbiri ya Thamesmead, ndipo ndinakwera. Ndinali nditaiwala kuti mdalayu sanali wamalonda. Anali wa mtundu wa Sokratesi, woti amwa chiphe chitseko chili chotsegula.

Masabata anadutsa ndili pakhomo. Ntchito ndinalibe, mphatso ndinalibe, ndipo nthawi iliyonse lole ikadutsa ndinkaona zikombole zikupita kudoko. Amayi anu sanandinyoze. Ankangondifunsa m'mawa uliwonse mokoma mtima kuti, "Lero a nkhoswe ali ndi pulogalamu yanji?" Kunyoza kukanakhala bwino.

Ndinakwera sitima kupita ku Wembley. Marta ndinamupeza pa nthawi ya nkhomaliro, atakhala pa benchi yake pakati pa zibwano zoyera. Anandikumbatira, koma nditatchula atsibweni ake nkhope inatseka.

"Ankolo, akandifuna foni ali nayo."

"Manja akunjenjemera, sangathe kudina manambala."

"Pakamwa sipanjenjemera. Anatchula amayi anga."

"Analakwa. Ndipo sadzapepesa, tisanamizane. Koma epuloni yako anasamuka nayo, anaikhomera msomali wake."

Anayang'ana kumbali. Ndinapisa m'thumba la jekete, momwe munali chidutswa chobenthuka cha khutu la Hanibali, chimene ndinayenda nacho kuyambira tsiku limene chinandikanika, n'kumuika m'manja. Anafuna kubweza, koma zala zinali zitayamba kale kuyenda m'mbali mwake.

"Ndani anamata zonyansazi?"

"Ine."

"Ankolo, mwamupha munthu."

"Aroma analephera, ine ndinatha."

Anaseka mosafuna. Ndinanyamuka n'kutsanzika, chidutswa chili m'manja mwake. Ulendo uno sindinamange chingwe cha nsapato.

Loweruka lotsatira masana foni inalira. Anali Aldo, mawu ake okalipa omwe aja, ngati tinasiyana dzulo.

"Fanuel, uli kuti? Muno muli oumba awiri, wogulitsa palibe. Ukufuna tidye pulasitala?"

Nditafika ndinapeza Marta atavala epuloni yake, ataweramira chikombole cha Hanibali, Aldo ali pambali akumuuza kuti akulakwitsa, iye akuyankha kuti sakulakwitsa. Marta anati wabwera kudzakonza khutu lokha basi. Aldo anati sanamuitane. Palibe anapepesa. Munthu wa mahotela, ndinamva pambuyo pake, anaimbadi foni, ndipo Aldo anamuuza mawu a Chitaliyana amene Marta anakana kundimasulira. Ndinawasiya akangane mpaka atatopa, kenako ndinagwira ntchito yanga. Tinagwirizana kuti zikombole ndi dzina ndi za Marta. Mitu yopaka utoto iloledwa, koma pa shelefu ya kumbuyo, komwe Aldo sayang'ana. Sokratesi yekha asapakidwe. Pamenepo onse awiri anavomerezana msanga, poti utoto sukanamuthandiza.

Titamaliza ndinati, "Madala, kwathu malonda akatha pamakhala mbasela." Ndinkangoseka. Aldo analowa kuchipinda cha kumbuyo, n'kubwera atakumbatira chinthu chokulunga m'bulangeti lakale. Anali Alekizanda wa mphuno yanga uja. Anamusunga zaka zonsezo, n'kusamuka naye, osandiuza.

"Tenga. Ndi mutu wokhawo wabodza umene unatuluka mu shopu yanga. Ndinkati ndikakhumudwa ndinkapita kukauyang'ana."

Nditafika nawo kunyumba amayi anu anauzungulira kawiri, manja ali m'chiuno. "Anzanu amasiyiridwa shopu. Inu mwabwera ndi mphuno yanu yomwe." Koma ndi iwo amene anaupezera malo pa kabati, n'kuuyalira kansalu.

2023, kupuma

Ndinagwira ntchito pansi pa Marta mpaka mawondo atakana kuima pamsika. Anali bwana wovuta kuposa atsibweni ake. Mitu yopaka utoto inayenda malonda kwambiri, ndipo Aldo ankati zimenezo zikungosonyeza kuti dziko latha. Ankabwerabe tsiku lililonse pa basi, kukhala pampando pafupi ndi hita, kudzudzula aliyense, mpaka pamene Mulungu anamutenga. Pa maliro ake ndinanyamula nawo bokosi. Linali lopepuka. Ndinadabwa kuti munthu wouma mutu chonchija angapepuke motero.

Nyumba sitinagule, mukudziwa. Amayi anu anagwira ntchito zaka zina zimene mwina sakanagwira, ndipo zimenezo ndimazikumbukira ndikawaona akudzuka pampando. Koma zikombole zilipo, zonse, ndipo Hanibali ali ndi makutu awiri a munthu. Mukadzafuna kudziwa kumene bambo anu anathera mphamvu, mukakwere basi ya ku Thamesmead, mukapemphe Marta amasule chingwe inu mukuona.

Mutu uli pa kabatiwo, umene munkaupachika zipewa muli ana, ndi wanu nonse awiri. Musadzaugulitse. Ndipo pakadali pano, pakabwera munthu n'kuufunsa mtengo, musandisiye naye ndekha pabalaza.